Mpumiro ndi mpatuliro: mbiri ya timadontho timene timasautsa ana m'Chingerezi

M'kalasi ya Chichewa tinaloweza mayina awiri osawaganizira n'komwe: mpumiro ndi mpatuliro. Loyambalo likuchokera ku mneni woti kupuma, lachiwirilo ku mneni woti kupatula. M'mayina awiriwa muli mkangano umene watha zaka zoposa 2,000. Kodi zizindikiro za m'kalembedwe zilipo kuti zitiuze popumira, kapena kuti zipatule magawo a chiganizo?

Funsoli likumveka ngati la anthu osowa chochita, koma likukhudza mwana aliyense amene amalemba chimangirizo cha Chingerezi. Tafunsani mng'ono wanu wa Sitandade 6 kuti mpatuliro amauika pati. Akuyankhani kuti, "Pomwe ukupumira." Ambirife tinauzidwa zomwezo. Lamulo limeneli ndi lakalekale, ndipo linapangidwira ntchito ina, yosiyana ndi imene tikuligwiritsira lero. N'chifukwa chake mwana womvera bwino aphunzitsi amapezekabe ndi inki yofiira tsamba lonse, kenako n'kumadziona ngati mbuli. Ndipo tonse tikudziwa kuti kuno kwathu Chingerezi si masewera. Ukachilephera pa MSCE, satifiketi palibe, ngakhale masamu utakhoza chotani.

Pamene mawu analibe mipata

Agiriki akale ankalemba zilembo mondondozana, popanda mpata pakati pa mawu, popanda kadontho, popanda kusiyanitsa lembo lalikulu ndi laling'ono. Tayesani kuwerenga ichi:

MPHUNZITSIANALOWAANAANAIMAANAMPATSAMONI

Mwachipeza, koma mwabwerera kangapo, eti? Mmenemo ndi mmene kuwerenga kunalili. Munthu sankangotola buku n'kuyamba kuwerenga pagulu. Ankayamba walikonzekera, kufufuza pamene liwu lathera ndi pamene ganizo lathera, chifukwa nthawi zambiri zolembedwa zinkawerengedwa mokweza anthu akumvetsera.

Cha m'ma 200 Yesu asanabadwe, mkulu woyang'anira laibulale yotchuka ya ku Alexandria, ku Egypt, dzina lake Aristophanes wa ku Byzantium, anabwera ndi nzeru ya timadontho titatu. Kachigawo kakafupi ka chiganizo, kamene Agiriki ankakatcha komma, kankatsatiridwa ndi dontho lapakati pa mzere. Chigawo chotalikirapo, kolon, chinali ndi dontho lapansi. Ganizo lathunthu, periodos, linali ndi dontho lapamwamba. Mwaona kumene mayina a comma, colon ndi period anachokera. Poyamba anali mayina a magawo a chiganizo, ndipo patapita nthawi anasamukira pa zizindikirozo.

Mfundo yofunika kuigwira apa ndi iyi: timadonthoti kawirikawiri ankaika ndi wowerenga, kapena mphunzitsi pothandiza wophunzira wake, osati mlembi. Tinali ngati zizindikiro zimene woimba kwaya amadzilembera papepala kuti akumbukire pokokera mpweya. Choncho "ika pomwe ukupumira" anali malangizo a munthu amene akukonzekera kuwerenga zimene wina analemba kale.

Alendo ndi amene anakonza

Aroma anayesako kuika kadontho pakati pa liwu ndi liwu, koma kenako anasiya n'kutengera Agiriki. Kwa munthu amene anayamwira Chilatini, mawu othithikana sankamuvuta kwenikweni, monga mmene inuyo mwathera kumasula chiganizo cha mphunzitsi chija. Khutu linkamuthandiza. Augustine, polemba za moyo wake cha m'ma 400, anaona kuti n'koyenera kufotokoza kuti Ambrose, bishopu wa ku Milan, ankawerenga ndi maso okha, pakamwa pali chete.

Zinthu zinasintha pamene Chikhristu chinafikitsa mabuku a Chilatini kwa anthu amene Chilatinicho sichinali chiyankhulo chawo. Amonke a ku Ireland, m'zaka za m'ma 600 ndi 700, ankakopera malemba m'chiyankhulo chimene anachiphunzira m'buku. Khutu silikanawauza pamene liwu lathera. Ndiye anayamba kusiya mipata pakati pa mawu, ndipo anzawo a ku England anatengera. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 700, Alcuin wa ku York anaitanidwa kukatumikira mfumu Charlemagne, ndipo m'nyengo imeneyo alembi anakhazikitsa kalembedwe kooneka bwino kamene kanabala malembo aang'ono amene tikugwiritsa ntchito lero. M'nyengo yomweyo m'mabuku a mapemphero munayamba kuoneka kadontho kokhala ndi kamzere kokhotakhota pamwamba, kouza wowerenga kuti akweze mawu chifukwa ili ndi funso. Ameneyo ndiye gogo wake wa mfunsiro.

Mbiri imeneyi imandisangalatsa pa chifukwa chimodzi. Amonke ajawa anali pa malo amene mwana wa ku Ntcheu kapena ku Mchinji ali lero akamalemba Chingerezi: chiyankhulo cha m'kalasi, chimene kunyumba sachimva. Iwo sanadalire mpweya. Anafuna zizindikiro zimene diso lingaone.

Osindikiza mabuku

Makina osindikizira atabwera, chizindikiro chilichonse chinafunika kuumbidwa pachitsulo, ndipo makope mazanamazana ankatuluka ofanana. Ku Venice, m'zaka za m'ma 1490, Aldus Manutius anasindikiza kabuku ka Pietro Bembo kotchedwa De Aetna, mmene munaoneka semicolon yofanana ndi yathuyi. Mpatuliro wokhota umene timaudziwa unafalanso kudzera m'mabuku ake. Mdzukulu wake, nayenso Aldus, analemba mu 1566 kuti ntchito ya zizindikiro ndi kuonetsa kamangidwe ka chiganizo. Apa ndiye mbali ya kupatula inapeza woiyankhulira.

Ku England, William Caxton anatsegula malo osindikizira ku Westminster mu 1476. Iye pofuna kupatula mawu ankagwiritsa ntchito kamzere kopendekeka, kamene masiku ano timakaona m'maadiresi a pa intaneti. Mpatuliro unalowa m'mabuku a Chingerezi cha m'ma 1520, n'kukankhira kamzereko pambali.

Kuyambira pamenepo zizindikiro zinali ndi mabwana awiri. Osindikiza ankaziika poyang'ana magawo a chiganizo. Aphunzitsi a ana anakakamirabe za mpweya.

Modzi, wiri, tatu, nayi

Richard Mulcaster, mphunzitsi wamkulu woyamba wa sukulu ya Merchant Taylors' ku London, anatulutsa buku lotchedwa Elementarie mu 1582, lonena za maphunziro oyambirira a ana. Pofotokoza mpatuliro ndi mpumiro, anawafotokoza ngati malo amene mwana wowerenga ayenera kupumira, pang'ono kapena kwambiri.

Patapita zaka 180, mu 1762, Robert Lowth, amene pambuyo pake anakhala bishopu wa London, anatulutsa kabuku ka galamala kamene anayamba kukalembera mwana wake wamwamuna. Mu 1795 Lindley Murray, loya wobadwira ku Pennsylvania amene anakakhazikika pafupi ndi York, analemba English Grammar pofuna kuthandiza aphunzitsi a pasukulu ina ya atsikana mumzindawo. Bukuli linasindikizidwa kambirimbiri ku Britain ndi ku America. Onse awiri anaika zizindikiro pa sikelo ya nthawi: mpatuliro ndiko kupuma kwakufupi, semicolon kuwirikiza kawiri, colon kuwirikizanso, mpumiro kuposa zonse.

M'makalasi zimenezi anazipeputsa kukhala kuwerenga manambala. Mu 1824 John Harris, wosindikiza mabuku a ana ku London, anatulutsa kabuku ka zithunzi kotchedwa Punctuation Personified, mmene bambo wina wotchedwa Mr Stops akuthandiza mwana wowerenga mothamanga ngati akupikitsidwa ndi galu. Zizindikiro anazijambula ngati anthu, aliyense ndi chovala chake. Phunziro lake linali loti pa mpatuliro uwerenge kamodzi mumtima, pa semicolon kawiri, pa colon katatu, pa mpumiro kanayi.

Tisawaseke anthuwa. Mwana wa nthawi imeneyo ankawerenga mokweza pamaso pa mphunzitsi, ndipo madzulo ankawerengera banja Baibulo. Vuto limene Mr Stops ankathetsa linali la mwana wowerenga mosapumira, ndipo pa vuto limenelo mankhwalawo ankagwira. Chinalakwika n'chakuti lamulo la wowerenga analitembenuza n'kulipereka kwa wolemba. Kunena kuti "ukaona mpatuliro pumira" n'koona ndithu. Kunena kuti "ukapumira ika mpatuliro" ndi nkhani ina. Zili ngati kunena kuti poti minibasi imaima pa siteji, ndiye paliponse pamene yaima ndi pa siteji.

Amishoni a ku Scotland atatsegula masukulu awo kuno, a Livingstonia kuyambira 1875 ndi a Blantyre kuyambira 1876, anabwera ndi zilembo za Chilatini pamodzi ndi zizindikiro zake, ndiponso kaphunzitsidwe ka kwawo ka nthawi imeneyo kowerenga mokweza ndi kuloweza. Lamulo la mpweya silinavutike kumera mizu.

Pamene mpweya umanamiza

Tiyeni tione mmene lamuloli limagwetsera mwana. Walemba kuti:

The woman who sells tomatoes near our school gate is my aunt.

Akafika pa gate mpweya wamuthera, ndiye amaikapo mpatuliro. M'Chingerezi cha lero kumeneko n'kulakwa, chifukwa wadula mwininkhani kumuchotsa kwa mneni wake. Chodabwitsa n'chakuti Murray ankalola mpatuliro pamalo oterowo ngati mwininkhani ndi wamtali. Chingerezi chinasintha, lamulo la m'kalasi linatsalira.

Mwana wina ali ndi chifuwa chachikulu, sapumira msanga. Iye amalemba kuti I woke up, I swept the yard, my mother called me, the bus was late, mpaka ndime yonse kutha popanda mpumiro. Izitu ndi ziganizo zinayi, chilichonse ndi mwininkhani ndi mneni wake, ndipo mpatuliro ulibe mphamvu yozimangirira pamodzi. Ana awiri, lamulo limodzi, zolakwa zosiyana, poti aliyense amapuma mwake.

Tsopano onani pamene mpatuliro ukugwira ntchito yake yeniyeni. Stop, Chikondi! ndiye kuti ukuyankhula ndi Chikondi kuti aime. Stop Chikondi! ndiye kuti ukuuza anthu ena kuti amugwire. M'Chichewa zilinso chimodzimodzi: "Gwira, Chikondi!" ndi "Gwira Chikondi!" Koyambako Chikondi akulandira katundu, kwachiwiriko ali m'madzi. Chitsanzo china: My sister, who lives in Zomba, is a nurse. Apa uli ndi mchemwali mmodzi, ndipo za ku Zombazo wangowonjezera. Ukachotsa mipatuliro iwiriyo, ndiye kuti uli ndi achemwali angapo ndipo ukusankhapo wa ku Zomba. Mwana angapumire bwanji kuti adziwe zimenezi? Ayenera kudziwa chimene akufuna kunena.

Mfunsiro nawo umapusitsa. Mwana amalemba He asked me where I was going n'kuika mfunsiro kumapeto, chifukwa wamva fungo la funso. Koma chiganizochi sichikufunsa kanthu, chikungofotokoza kuti wina anafunsa. Apa Chichewa chingathandize: ngati sungayambe chiganizocho ndi "kodi", mfunsiro usaike.

Nanga nkhodolero? Imeneyi ilibe mpweya m'pang'ono pomwe. Girls, girl's ndi girls' zimamveka chimodzimodzi m'khutu. Chizindikirochi chinafalitsidwa ku France ndi wosindikiza Geoffroy Tory cha m'ma 1529, ndipo chinalowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1500 chili ndi ntchito imodzi: kuonetsa pamene lembo lachotsedwa. Chingerezi chakale chinkaonetsa umwini pa mayina ambiri powonjezera -es kumapeto. Lembo e litasiya kutchulidwa, nkhodolero inakhala pamalo pake, ndipo pang'onopang'ono anthu anayamba kuiona ngati chizindikiro cha umwini. Zinatenga nthawi kuti zikhazikike. Thomas Jefferson, pulezidenti wachitatu wa America, ankalemba it's pamalo pamene lero mphunzitsi angamudule malikisi chifukwa pafunika its.

Mwana wa kuno ntchito yoyambayo amaidziwa kale. Amalemba m'nyumba m'malo mwa mu nyumba, n'chifukwa m'malo mwa ndi chifukwa, ndipo amadziwa kuti ng'oma ndi yoimba pamene ngoma ndi nyama ya m'tchire. Ndiye don't ndi I'm sizimuvuta ukamuonetsa kufanana kwake. Chachilendo kwa iye ndi umwini, poti ife timati buku la mtsikana, mabuku a atsikana. Mphunzitsi wochenjera amamuuza kuti atembenuze mumtima: ngati girl's book ikupereka "buku la mtsikana", nkhodolero ili pamalo pake. Ngati palibe "la", "wa", "cha" kapena "za", monga pa chikwangwani cha banana's for sale, ichotse.

Mbali inayo nayo ili ndi misala yake

Musaganize kuti mankhwala ake ndi kuunjikira ana malamulo. Ku England anayesa. Kuyambira 2013 ana omaliza pulayimale kumeneko amalemba mayeso apadera a galamala ndi zizindikiro. Mu 2016 kunatuluka malangizo a boma okhudza ana a zaka 7, onena kuti pa mayeso chiganizo chiwerengedwa kuti n'chofuula pokhapokha chikayamba ndi What kapena How ndipo chili ndi mneni. Aphunzitsi ndi olemba mabuku a ana anadandaula kwambiri, poti mwana weniweni akadabwa safuula motero. Chaka chotsatira, mu 2017, kunabukanso phokoso aphunzitsi ataona kuti ana ena anawadula malikisi chifukwa cha kaonekedwe ka semicolon, kuti yakula kwambiri kapena mchira wake wapendekera kolakwika, ngakhale anaiika pamalo oyenera. Pamenepo chizindikiro chasiya kutumikira wowerenga, chasanduka msampha wogwirira mwana.

Komabe amene amati timadonthoti n'topanda ntchito akafunse kampani ya mkaka ya Oakhurst Dairy ku Maine, ku America. Lamulo la kumeneko linali ndi mndandanda wa ntchito zosalandira malipiro a maola owonjezera, ndipo kumapeto kwake kunali mawu oti packing for shipment or distribution, popanda mpatuliro liwu loti or lisanabwere. Madalaivala onyamula mkaka anati mawuwa akunena za ntchito imodzi, yolongedza, ndipo iwo salongedza. Kampani inati ndi ntchito ziwiri, kulongedza ndi kugawa. Mu 2017 khoti la apilo linati lamulolo likumveka pawiri, n'kukomera madalaivala, ndipo mu 2018 kampaniyo inavomera kulipira madola 5 miliyoni. Palibe woweruza amene anafunsa kuti wolemba lamulolo anapumira pati.

Mpweya wabwerera pa foni

Ife a pa WhatsApp tili ndi kalembedwe kathu. Mnzako akakuyankha kuti "Chabwino" umadziwa kuti zili bwino. Akayankha kuti "Chabwino." ndi mpumiro, mtima umagunda: ndalakwanji? Ofufuza a pa yunivesite ya Binghamton ku New York, motsogozedwa ndi Celia Klin, anayesa zimenezi pa ophunzira 126, ndipo mu 2015 analengeza kuti mayankho afupiafupi a pa foni othera ndi mpumiro ankaoneka osachokera pansi pa mtima poyerekeza ndi opanda mpumiro. Pa timakalata tolemba pamanja kusiyanako sikunaoneke.

Akuluakulu ena amati ife tawononga kalembedwe. Ine ndikuona kuti pa foni tabwerera ku Alexandria, kumene chizindikiro chinkatsanzira liwu la munthu. Mifuuliro itatu ndi chisangalalo, timadontho titatu ndi kukayika. Mwana amene amamva kusiyana kwa "Chabwino" ziwiri zija si mbuli pa zizindikiro ayi. Akudziwa kale kuti kadontho kamasintha zimene wowerenga amve. Chimene chatsala n'kumuonetsa kuti chimangirizo, kalata yofunsira ntchito ndi pepala la mayeso zimawerengedwa ndi munthu amene sakumudziwa, amene sangamutumizire uthenga wofunsa kuti "ukutanthauza chiyani apa?"

Ndiye timuuze chiyani mwana?

Mmera m'poyamba, ndiye tiyambire pa chinthu chimodzi: chiganizo. Mwana adziwe kufunsa kuti ndani, wachita chiyani. Mafunso awiriwo akayankhidwa ndipo ganizo latha, aike mpumiro, ayambe china ndi lembo lalikulu. Mwana wa Sitandade 4 amene wagwira zimenezi ali patsogolo pa wa Fomu 2 amene waloweza ntchito zisanu ndi ziwiri za semicolon.

Pa mpatuliro, funso lisakhale lakuti "ndapumira?" koma lakuti "ndikupatula chiyani?" Zinthu za pa mndandanda, dzina la munthu amene ukumuitana, mawu oyamba amene akutsegulira chiganizo, kapena mawu owonjezera amene ungawachotse chiganizo n'kukhalabe chilili. Ngati palibe chopatula, palibe mpatuliro. Dzina lathu la Chichewa likunena kale zonse.

Ndipo pali kamasewera kamene kamaposa malamulo onsewa. Mng'ono wanu akalemba ndime, musamukonzere. Ipatseni mnzake kuti aiwerenge mokweza, ndipo wolembayo asaloledwe kutsegula pakamwa. Pamene wowerengayo wapunthwa, wabwerera, kapena wamva zina, pamenepo ndi pamene pakusowa chizindikiro kapena pali chochuluka. Mwanayo amadzionera yekha kuti pepala likachoka m'manja mwake limakayankhula lokha. Mpweya wagwirabe ntchito m'masewerawa, koma ndi mpweya wa wowerenga, monga zinalili pachiyambi pa nkhani yonseyi. Wolemba ntchito yake ndi kupatula bwino, kuti mnzakeyo akapeze popumira.